Kusamukira kunja pa zaka 42 kudzera m'mapointi: kodi khomo lidakali lotseguka?

Injiniya wa ku Zomba

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa tulo kwa miyezi ingapo, ndipo ndikupempha kuti amene munadutsa njira imeneyi mundiuze zoona zokhazokha, ngakhale zitakhala zowawa.

Ndili ndi zaka 42 ndipo ndikwanitsa 43 mu Ogasiti. Ndine injiniya wa zomangamanga, makamaka ntchito za madzi monga kuyala mapaipi, kumanga matanki ndi madamu ang'onoang'ono. Digiri yoyamba ndinatenga ku Polytechnic isanasinthe dzina, ya masitazi ndinakatenga ku South Africa, ndipo ntchito ndagwira zaka 17. Mayi a kunyumba ali ndi zaka 38, amaphunzitsa masamu kusekondale ndipo ali ndi digiri ya uphunzitsi. Ana tili nawo atatu: woyamba ali ndi zaka 18 ndipo wangoyamba kumene kukoleji, wachiwiri ali Folomu 2, pamene chitsirizira ali Sitandade 4.

Ndili mnyamata maganizo osamuka ndinalibe. Anzanga amene ndinaphunzira nawo atayamba kuchoka mmodzimmodzi, ine ndinkawauza kuti midzi yathu ikumwabe madzi a m'chitsime chosatetezedwa ndipo wina ayenera kutsala. Chimene chinanditembenuza mtima ndi mwezi wa Novembala 2023, pamene kwacha inachepa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Usiku umenewo ana atagona ndinatenga chikalata cha penshoni yanga, ndalama zonse zimene ndakhala ndikusonkha chiyambire ntchito, ndi kuziwerengera m'madola patebulo lodyera. Chiwerengero chimene chinatuluka ndinachiwerenga kawiri, kenaka ndinapinda pepala lija ndi kuliika pansi pa Baibulo. Kuyambira tsiku limenelo ndimati ndikaona ana atatuwa ndi kuganiza za fizi yawo, mtima suli m'malo.

Mu Januwale ndinalemba mayeso a Chingerezi a IELTS General ndipo ndinapeza 7.5 pa kumva, 7.0 pa kuwerenga, 7.0 pa kulemba ndi 7.5 pa kuyankhula. Nditaika zonsezi m'chowerengera mapointi cha Express Entry, njira imene Canada imasankhira anthu aluso ofuna kusamukirako, ndinapeza 321, pamene ndikumva kuti amene anaitanidwa mu 2024 pa masankho a aliyense, osatengera gulu, anali ndi mapointi oposa 500. Pa msinkhu ndapatsidwa 25 okha, chonsecho munthu wapabanja wa zaka 29 amapatsidwa 100. Zinandipweteka kuona kuti zaka 17 za ntchito zikuwerengedwa chimodzimodzi ndi zaka zitatu, koma chaka chilichonse cha moyo wanga chikundichotsera mapointi.

Funso langa ndi lakuti, kodi munthu wa msinkhu wanga ali ndi mwayi weniweni, kapena ndingotaya ndalama za banja pa mayeso ndi zikalata? Ngati mwayi ulipo, ndiyang'ane dziko liti? Ndipo inu amene munasamuka mutapitirira zaka 40, munakaupeza bwanji moyo woyambiranso?

Akawuntanti wa ku Saskatoon

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanawononge ndalama zambiri, chifukwa safunsa anadya phula. Ine ndinafika kuno mu 2019 ndili ndi zaka 41, choncho ndiyankha pa za Canada zokha, ndipo ndiyamba ndi masamu chifukwa pali chinthu chimene mwachilumpha.

Musanafike n'komwe pa mapointi 321 aja, pali chipata choyamba. Munthu amene sanagwirepo ntchito ku Canada amalowa mu Express Entry kudzera mu Federal Skilled Worker Program, ndipo kumeneko kumafunika mapointi 67 pa 100, owerengedwa mwa njira ina. Kwa inu zikukhala motere: zaka 42 zikukupatsani 5, masitazi 23, zaka za ntchito 15, Chingerezi 23. Mukaphatikiza zikukwana 66. Mwaperewera ndi pointi imodzi, ndipo mu Ogasiti mudzaperewera ndi ziwiri. Mankhwala ake ali m'nyumba mwanu momwemo: mayi akalemba IELTS ndi kukhoza ngakhale pamlingo wotsika wa CLB 4 (CLB ndi muyeso wa ku Canada wa luso la chilankhulo), mumapeza mapointi 5 oonjezera. Choncho mayeso a mayiwo musawatenge ngati nkhani ya mtsogolo, chifukwa popanda iwo simungalowe n'komwe pamzere.

Tsopano pa 321 paja. Chimene chikukugwetsani kwambiri lero si msinkhu wokha ayi, koma 7.5 ya kumva ija. Kuti muwerengedwe kuti muli pa CLB 9 pamafunika 8.0 pa kumva ndi 7.0 pa zina zitatuzo. Zitatuzo muli nazo kale. Mukakweza theka la giredi limenelo mumapeza mapointi 7 pa chilankhulo, komanso gawo limene limaphatikiza Chingerezi ndi maphunziro ndiponso Chingerezi ndi zaka za ntchito limachoka pa 50 kufika pa 100. Theka la giredi likukupatsani mapointi 57, ndipo mukufika pa 378. Mayi akakhoza bwino pa CLB 9 mumaonjezera 20 ndi kufika pa 398. Ine mayesowa ndinalemba katatu. Kachitatuko ndinakhala miyezi iwiri ndikumvetsera wailesi ya ku Britain ndi ya ku Australia m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, kope lili m'manja, ndikulemba manambala, mayina a misewu ndi masiku monga akutchulidwa, chifukwa ambiri a ife timagwa pa kalembedwe ka mawu ndi pa kusochera wolankhula akasintha yankho pakati pa chiganizo, osati chifukwa chosamva Chingerezi.

Komabe ndikuuzeni mosabisa kuti 398 sangakuitanitseni pa masankho a aliyense. Ndipo kuyambira pa zaka 40 phiri limatsetsereka kwambiri: munthu wapabanja ali ndi 45 pa zaka 40, kenaka 35, 25, 15, 5, ndipo pa zaka 45 alibe kanthu. Mapointi amene kale ankabwera chifukwa cholonjezedwa ntchito anachotsedwa mu Malichi 2025, choncho wina akakuuzani kuti akugulitsani kalata ya ntchito kuti mapointi akwere, dziwani kuti akufuna kukuberani.

Njira zimene zatsala kwa anthu a msinkhu wathu ndi ziwiri. Yoyamba ndi imene ndinadzera ine, kusankhidwa ndi chigawo. Chigawo chikakusankhani mumapatsidwa mapointi 600 nthawi imodzi ndipo nkhani ya msinkhu imathera pomwepo. Chigawo cha Saskatchewan, kumene ndikukhala, chili ndi kawerengedwe kakekake kamene sikalanga zaka monga boma lalikulu limachitira: wa zaka 22 mpaka 34 amapeza 12, wa 35 mpaka 45 amapeza 10, kusiyana kwa mapointi awiri okha. Koma musatenge zimene zinandichitikira ine mu 2019 ngati chitsanzo cha lero. Mu Okutobala 2024 boma la Canada linalengeza kuti likuchepetsa olandiridwa kuchoka pa 500,000 kufika pa 395,000 m'chaka cha 2025, malo a zigawo anadulidwa ndi theka, ndipo zigawo zambiri zinayamba kutsogoza anthu amene ali kale m'dziko muno. Ziwerengerozi zimasintha chaka ndi chaka, ndiye muziwerenga nokha pa tsamba la boma ndi la chigawo chilichonse.

Yachiwiri ndi Chifalansa, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amaseka akamva zimenezi. Kuyambira mu 2023 Canada imaitana anthu m'magulu, monga a zaumoyo, amisiri ndi odziwa Chifalansa, ndipo gulu la Chifalansa lakhala likuitanidwa pa mapointi otsika, nthawi zina pansi pa 400. Mukakhoza mayeso a Chifalansa a TEF Canada kapena TCF Canada pa mlingo wa 7 m'mbali zonse zinayi, mumapeza mapointi 50 apadera ndi ena 12 a chilankhulo chachiwiri. Kwa munthu amene sanachiphunzirepo, ndi ntchito ya chaka chathunthu kapena kuposerapo, maola awiri tsiku lililonse. M'chaka chimenecho mudzataya 10 a msinkhu ndi kupeza 62, komanso mudzalowa m'gulu limene mpikisano wake ndi wocheperako. Ganiziraninso kuti mayi akhoza kukhala mwini pempho, inu n'kukhala wotsatira, popeza pa zaka 38 ali ndi 55 a msinkhu ndipo aphunzitsi a sekondale anaikidwa m'gulu la zamaphunziro mu 2025. Ndawerengera ndipo mapointi awo sangasiyane kwambiri ndi anu, koma palibe choletsa kuti nonse awiri mulembetse, aliyense payekha.

Za moyo wa kuno ndinena mwachidule. Kwathu ndinali mkulu wa zachuma, ndili ndi ofesi yanga ndi anthu asanu ndi atatu pansi panga. Ntchito yanga yoyamba kuno inali yolowetsa ma invoice m'kompyuta, ndipo bwana wanga anali mtsikana wa zaka 27, waulemu wake ndithu, amene anandiphunzitsa ngakhale kayankhidwe ka foni. Mwezi wa Januwale ndinkaima pa siteji ya basi kukadali mdima, kuzizira kutafika madigiri 30 pansi pa ziro, nsidze zitachita chipale. Zinanditengera zaka zitatu ndikuwerenga usiku kuti ndivomerezedwe pa ntchito yanga yeniyeni. Inunso dziwani kuti kuno dzina lakuti injiniya ndi lotetezedwa ndi lamulo. Simungalitchule pa inu nokha mpaka bungwe la mainjiniya la chigawo chimene mukukhala, monga APEGS kuno ku Saskatchewan, litakupatsani laisensi. Za mwana wanu woyamba, Canada imamuwerenga ngati wodalira makolo ngati sanakwane zaka 22 ndipo sanakwatire pa tsiku limene pempho lanu lathunthu lalandiridwa, kutanthauza kuti nayenso ali ndi koloko yake imene ikuyenda.

Bambo a Yamikani, Adelaide

Akulu, ndine injiniya mnzanu, wa misewu, ndipo ndikuona kuti mwayang'ana kwambiri ku Canada pamene masamu anu akukomera Australia. Ndikulongosolerani chifukwa chake.

Kuno msinkhu sautsitsa chaka ndi chaka, amauika m'magulu. Wa zaka 25 mpaka 32 amapeza 30, wa 33 mpaka 39 amapeza 25, ndipo wa 40 mpaka 44 amapeza 15. Ndiye kuti tsiku lanu lobadwa la mu Ogasiti silikuchotserani kanthu, ngakhalenso la chaka chamawa. Choopsa chili pa zaka 45: muyenera kukhala musanakwane 45 pa tsiku limene mwaitanidwa, ndipo likangodutsa tsikulo khomo la ma visa a mapointi latsekeka, kaya muli ndi mapointi ochuluka bwanji. Kale malire anali zaka 50, koma anawatsitsa mu 2017. Inuyo muli ndi zaka ziwiri ndi miyezi yochepa, ndipo pa ntchito imeneyi nthawi imeneyo si yambiri.

Mapointi anu lero ali motere: msinkhu 15, digiri 15, ntchito 15 popeza mwadutsa zaka zisanu ndi zitatu mwa khumi zapitazi, ndi Chingerezi 10 chifukwa muli ndi 7 kapena kuposa m'mbali zonse. Zonse ndi 55. Mayi akapeza 6 m'mbali zonse za IELTS mumaonjezera 5 ndi kufika 60, ndipo luso lawo la uphunzitsi likavomerezedwa amakupatsani 10 m'malo mwa 5, ngakhale kuti bungwe la AITSL limene limayesa aphunzitsi limafuna Chingerezi chapamwamba kwambiri. Kuti mulembetse pamafunika 65. Visa ya 189, imene munthu amadziimira yekha, muiiwale chifukwa amene amaitanidwa amakhala pamwamba patali. Ya 190, imene boma la chigawo limakusankhani, imaonjezera 5, ndipo ya 491 ya kumadera imaonjezera 15, kukufikitsani pa 75. Mukalimbana n'kupeza 8 m'mbali zonse za Chingerezi mumafika 85. Mawu akuti kumadera asakuopseni ngati akukutumizani kuchipululu: malo onse kupatula Sydney, Melbourne ndi Brisbane amawerengedwa choncho, kuphatikizapo Adelaide ndi Perth imene ndi mizinda ikuluikulu.

Ntchito yaikulu imene ili patsogolo panu ndi ya Engineers Australia, bungwe limene limayesa maphunziro ndi luso la mainjiniya. Digiri yoyamba ya kwathu siili pansi pa mgwirizano wa Washington Accord, umene mayiko amavomerezerana madigiri a uinjiniya, choncho muyenera kulemba chimene amati Competency Demonstration Report: nkhani zitatu za ntchito zimene munagwira, iliyonse yofotokoza vuto la uinjiniya limene munakumana nalo ndi mmene inuyo panokha munalithetsera. Apa ndi pamene zaka 17 zimene mukudandaula kuti sizikuwerengedwa zimagwira ntchito, chifukwa mnyamata wa zaka 28 amasowa cholemba pamene inu mudzasowa chosiya. Koma pali msampha umene ndinagwamo ine. Kwathu tinaleredwa kunena kuti tinachita, tinamanga, tinagwirizana, ndipo kunena kuti ndinachita kumamveka ngati kudzitama. Nkhani yanga yoyamba inali yodzaza ndi "ife", ndipo mnzanga amene anaiwerenga anandifunsa kuti, kodi pa mlatho umenewu iweyo unachitapo chiyani? Ndinailembanso yonse: kuti ndinawerengera kuchuluka kwa madzi a mumtsinje nthawi ya dzinja, ndinakana simenti imene inalephera mayeso, ndinasintha kuya kwa maziko nditaona dothi. Lembani nokha ndi mawu anu. Amene amagulitsa malipoti olembedwa kale akuikani m'mavuto, chifukwa bungweli limafufuza zokopera, ndipo kupereka chikalata chabodza ku boma la kuno kukhoza kukutsekerani khomo zaka zitatu.

Yambani lero kusonkhanitsa umboni wa ntchito. Kalata ya kwa abwana yokha sikwanira. Amafuna kuona mapepala a malipiro, a msonkho kapena a penshoni osonyeza kuti munkalipidwadi. Ine kampani ina imene ndinagwirako zaka zinayi inali itatsekedwa, ndipo chimene chinandipulumutsa ndi katoni yakale imene mayi anga anasunga pansi pa bedi kumudzi, muli mapesilipi achikasu odyedwa ndi njenjete m'mbali. Polemba kusukulu zimene munaphunzira, kumbukirani kuti satifiketi yanu ili ndi dzina la University of Malawi pamene sukuluyo kuyambira 2021 ndi MUBAS, ndiye pemphani kalata yofotokoza kusinthaku kuti oyesa asakayike.

Tsopano zowawa zake. Visa ya 491 si yokhazikika: ndi ya zaka zisanu, ndipo mukakhala ndi kugwira ntchito kumadera zaka zitatu ndi pamene mumapempha ya 191 yokhala mpaka kalekale. Chithandizo cha zaumoyo cha boma chotchedwa Medicare mumaloledwa, koma mwana wanu woyamba akafuna kulowa yunivesite m'zaka zimenezo adzalipira ngati wophunzira wochokera kunja, ndipo ndalama zake munthu wongofika kumene sangazikwanitse. Komanso mwana wopitirira zaka 18 amaloledwa pa pempho lanu pokhapokha mutasonyeza kuti akudalirabe inu ndipo sanakwane 23. Nkhani imeneyi mukambirane naye ngati munthu wamkulu, musamusankhire. Mwina nzeru ndi yakuti akhale pa visa koma amalize digiri yake kwathu.

Werengaraninso zaka za ntchito zimene zatsala. Mukafika kuno pa zaka 45, penshoni ya boma imayamba pa 67 ndipo imafuna kuti mukhale mwakhala m'dziko muno zaka khumi. Abwana amakusungirani 12 peresenti ya malipiro anu m'thumba la penshoni, ndipo zaka 22 za ndalama zimenezo si zochepa mukaziyerekeza ndi pepala munapinda lija. Koma nyumba kuno ndi zodula koopsa, ndipo kutenga ngongole ya zaka 30 muli ndi zaka 48 ndi nkhani yofuna kuiganizira mofatsa. Nyumba yanu ya ku Zomba, ngati muli nayo, musagulitse.

Mayi wa ku Area 25

Bambo, abale awiriwa akupatsani masamu abwino ndipo sinditsutsa nambala ngakhale imodzi. Ine ndine mmodzi wa amene anayesa n'kusiya, ndipo ndikuona kuti mawu athunso ayenera kumveka, chifukwa amene zinawayendera ndi amene amakonda kulemba.

Ine ndi bambo a kunyumba tinayamba ulendowu ndili ndi zaka 43. Tinapita kwa munthu wina amene anali ndi ofesi yooneka bwino m'tauni, mbendera za mayiko zili pakhoma, ndipo anatiuza kuti msinkhu si vuto chifukwa iye ali ndi anthu ake. Tinagulitsa poloti imene tinagula kuti tidzamangepo nyumba ya lendi. Patatha miyezi isanu ndi inayi foni yake inasiya kupezeka, ndipo titapita ku ofesi tinapeza muli saluni. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa kuti wothandiza anthu pa za Canada molipiritsa ayenera kukhala loya wovomerezeka kumeneko kapena wolembetsedwa ku College of Immigration and Citizenship Consultants, kuti a ku Australia ali ndi kaundula wawo wa OMARA, ndipo kuti mayina onsewa munthu akhoza kuwafufuza yekha pa intaneti mwaulere. Ndinadziwanso kuti pempho lonse munthu wophunzira ngati inu akhoza kulilemba yekha. Chinandiopsa kwambiri n'chakuti mkulu uja analemba pa fomu yathu ntchito imene sindinagwirepo, ndipo ikanatumizidwa, Canada ikanatiletsa kupempha kwa zaka zisanu chifukwa cha bodza limene sitinanene ife.

Koma si ndalamazo zimene zinatisiyitsa. M'funso lanu mwatchula mayi ndi ana, koma simunatchule makolo. Pa msinkhu wathu uno ndife amene timaimbiridwa foni usiku. Chaka chimene tinkathamanga ndi mapepalacho mayi anga anadwala sitiroko, ndipo ine ndi amene ndinkawasambitsa, kuwatembenuza pa mphasa ndi kuwamwetsa phala ndi supuni kwa miyezi khumi ndi inayi mpaka anatisiya. Mchemwali wanga amene ali kunja ankatumiza ndalama mokhulupirika, ndipo popanda ndalama zake mankhwala sitikanagula, izi ndikuvomereza. Koma maliro anaonera pa foni, atakhala m'galimoto panja pa ntchito yake, ndipo mpaka lero akaiyamba nkhaniyi samaliza. Mapointi sawerenga zimenezi, ndipo kuitanitsa kholo kuti likakhale nanu m'mayiko amenewa ndi mzere wa zaka zambiri.

Sindikunena kuti musapite. Walira mvula walira matope, ndipo kutsala nakonso kuli ndi matope ake, ine ndikuwaponda tsiku lililonse pamsika. Ndikungopempha kuti musanalipire kalikonse mukhale pansi ndi abale anu, mugwirizane kuti makolo adzawasamala ndani ndipo inu mudzathandiza motani. Funsaninso mayi a kunyumba paokha, mopanda ana, ngati akufunadi kuchoka, chifukwa mphunzitsi wolemekezeka wa masamu akhoza kukapezeka akugwira ntchito yosamalira okalamba zaka ziwiri akudikira chilolezo chophunzitsa, ndipo zimenezi ayenera kuzivomera ndi mtima wawo, osati chifukwa chakuti bambo anena.

Mphunzitsi wa ku Leeds

Ndiwonjezere pang'ono pa mayiko amene sanatchulidwe. Britain nayo imati ili ndi dongosolo la mapointi kuyambira mu Januwale 2021, ndipo pamafunika 70, koma msinkhu suwerengedwa n'komwe. Vuto ndi lakuti mapointiwo amachokera pa ntchito: popanda kampani ya chilolezo imene yakulembani ndi kukulipirani malipiro ofika pa mlingo wa boma, umene unakwezedwa kufika pa £41,700 pachaka mu Julayi 2025 pa ntchito zambiri, palibe poyambira. Njira ya ntchito yosamalira okalamba imene abale athu ambiri anadzera inatsekedwa kwa ochokera kunja m'mwezi womwewo. Kwa inu chopinga chachikulu ndi mwana woyamba, chifukwa kuno mwana amene wakwanitsa zaka 18 sangalowe pa visa ya makolo ngati wodalira.

New Zealand ndi imene ili ndi chifundo pa zaka: imalandira mpaka munthu wa zaka 55, ndipo m'dongosolo la mapointi 6 limene linayamba mu Okutobala 2023 msinkhu supereka kapena kuchotsa pointi. Digiri ya masitazi payokha, ikavomerezedwa kuti ikufanana ndi yawo, imapereka 5. Komabe nakonso muyenera kukhala ndi ntchito kwa olemba ntchito ovomerezeka ndi boma. Ndinganene kuti ku Canada ndi ku Australia amayesa mapepala anu, pamene ku Britain ndi ku New Zealand muyenera kukopa bwana amene sanakuonenipo, ndipo pa mpikisano umenewo zaka 17 za ntchito ya madzi zili kumbali yanu. Ngati Australia italephereka pofika zaka 45, khomo limeneli lidzakhala lidakalipo zaka zina khumi.

Injiniya wa ku Zomba

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza kuposa mmene ndinkayembekezera. Achimwene a ku Saskatoon, ndabwereza masamu a 67 aja ndipo ndapezadi 66. Ndikanalipira kuyesedwa kwa madigiri osadziwa kuti chipata choyamba sindinachidutse. Chifalansa ndachiganizira, koma ndi ntchito imene ndimagwira, yokhala kumidzi masabata awiri pamwezi kopanda magetsi odalirika, sindikukhulupirira kuti ndingafike pa mlingo wa 7 nthawi isanandithere. Ndaona kuti mphamvu zanga ndiziike ku Australia, ndipo New Zealand ikhale yachiwiri.

Mayi a ku Area 25, mawu anu ndinawawerengera mayi a kunyumba dzulo usiku, ndipo tinakhala chete nthawi yaitali. Bambo anga ali ndi zaka 79 ndipo amakhala ku Jali ndi mlongo wanga wamng'ono. Sindinawatchule chifukwa ndinkaopa kuiganizira nkhaniyi. Loweruka likubwerali tikupita kumudzi kukakambirana ndi abale, ndipo tagwirizana kuti mayeso a IELTS a mayi okha ndi amene tilipire mwezi uno, zina zonse zidikire mpaka titabwerako.

Bambo a Yamikani, ndili ndi funso lina kwa inu. Mwa nkhani zitatu za lipoti lija, ndikufuna imodzi ikhale ya ntchito yokonzanso mapaipi a madzi oyenda okha kuchokera m'phiri amene anakokoloka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene tinasintha njira ya paipi ndi malo otengera madzi chifukwa mtsinje unali utasamuka. Zojambula zake ndili nazo, koma zina ndi za pamanja, zolembedwa m'kope la kumunda mvula ikugwa. Kodi zoterezi ndikhoza kuziika mu lipoti monga zilili, kapena ndiyambe ndazijambulanso pa kompyuta?